Kodi agogo anathamangadi ndi mzungu paphewa kuchoka ku Zomba mpaka ku Kabula?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene anakulira ku Thondwe koma pano akukhala ku Johannesburg. Ndiifupikitsa, chifukwa theka lake linali malonje. Akuti agogo awo aamuna ankakonda kukamba kuti bambo awo a agogowo anali "wa machira", ndipo ankanyamula mzungu pa Zomba m'mbandakucha n'kukamutula ku Kabula dzuwa lisanalowe. Mayiwa ali mwana ankangoseka, poyesa kuti ndi nthabwala za nkhalamba, popeza machira amene iwo amawadziwa ndi a kuchipatala. Tsono mwana wawo wauzidwa kusukulu kuti alembe mbiri ya banja lake, ndiye afunsa ziwiri. Kodi zimenezi zinkatheka? Nanga ngati zinkatheka, ndi nkhani yoti mwana akaiwerenge pamaso pa anzake, kapena n'zochititsa manyazi?

Mayi, zikomo pondikumbukira muli kutaliko. Funso loyambalo yankho lake n'lalifupi: agogo sananame. Lachiwirilo mundilole ndiyambe ndazungulira, chifukwa munthu sungaliyankhe usanaone bwinobwino kuti ntchitoyo inali yotani.

Machira a nthawi imeneyo si aja a mitengo iwiri amene amathamanga nawo pabwalo la mpira wosewera akavulala. Anali a mtengo umodzi wautali, kawirikawiri nsungwi yaikulu kapena chiwale, poti chiwale n'chopepuka koma sichithyoka wamba. Kumtengoko ankamangirirako nsalu yolimba ya lona, kumutu ndi kumiyendo, n'kumalendewera kunsi. Wokwera ankagona chagada m'nsalumo, pilo kumutu. Pamwamba pa mtengo ankaikapo kadenga kansalu kotchinga dzuwa, ndipo ena ankasokerako zotchinga za m'mbali zoti azitsitsa mvula ikayamba. Analiponso ena okhala ngati mpando, koma odziwika kwambiri kuno anali ogonamowa. Azungu ankalemba kuti "machila", ndipo mukamafufuza pa intaneti mulembe choncho, apo ayi ingokuonetsani zipatala.

Chinthuchi chinakwera ndi mtsinje wa Zambezi. Apwitikizi a ku Quelimane, ku Sena ndi ku Tete, pamodzi ndi madona a m'minda yawo ikuluikulu ija, ankanyamulidwa m'machira kalekale, Mngelezi asanaponde n'komwe dziko lino. Za dzinali akatswiri amalozera mbali ziwiri. Ena amati linachokera ku India, kumene Apwitikizi omwewo anapeza chonyamulira anthu cha mtundu womwewu chokhala ndi dzina lofanana nalo. Ena amakumbutsa kuti nsalu yokhuthala ya thonje imene makolo athu ankaomba ku chigwa cha Shire ndi Zambezi inkatchedwanso machira. Ine mtima wanga umapendekera ku nsaluyo, koma ndivomere kuti n'kukondera kwathu chabe.

Tsono n'chifukwa chiyani munthu wamkulu, wamiyendo yake iwiri, ankalola kunyamulidwa ngati mtolo wa nkhuni? Ulesi ndi matama zinalipo, sindikana, koma panalinso vuto lenileni la mayendedwe. Akavalo ndi ng'ombe zokoka ngolo sizinkakhalitsa m'madera ambiri chifukwa cha kashembe, ntchentche yofalitsa matenda opha ziweto. Misewu inali njira za mapazi. Mzungu wobwera ku Zomba m'zaka za m'ma 1890 ankatsika sitima ya panyanja ku Chinde, pamathiriro a Zambezi, n'kukwera kasitima kakang'ono kokwera mtsinje mpaka ku Chiromo kapena kwa Katunga, ku Chikwawa. Pamenepo madzi athera, chifukwa kumtunda kwake kuli mathithi aja a Kapichira, Mpatamanga, Tedzani ndi Nkula, amene ena mwa iwo lero akutipatsa magetsi (akafuna). Kuchokera apo chilichonse chinkayenda pamutu kapena paphewa la munthu: mabokosi a mabuku a boma, malata, zitsulo za sitima zokalumikizidwa ku Matope, ngakhale mwini wake wa katunduyo. Kampani ya Mandala, imene abale awiri John ndi Frederick Moir anabwera nayo mu 1878, inakula ndi ntchito imeneyi. Onyamulawo ankatchedwa amtengatenga, ndipo mawuwa sanafe. Lero tikamati unduna wa zamtengatenga timaona m'maganizo mathiraki ndi ndege, koma gwero lake ndi munthu wa nkhata pamutu, katundu wa makilogalamu ngati 25, ali chapansi.

Zomba inali ndi tsoka lake lapadera. Harry Johnston, mkulu woyamba wa boma la atsamunda kuno, anaisankha kukhala likulu mu 1891, atapeza kale nyumba imene John Buchanan anamangira kazembe wa Britain cha m'ma 1886, ija lero timati Masongola. Malo okongola, madzi a Mulunguzi ozizira bwino, phiri kumbuyo. Koma malonda onse anali ku Kabula. Njanji itafika ku Blantyre mu 1908 inathera komweko, ndipo pamene anaipitiriza mpaka ku Salima mu 1935 inadzera ku Balaka, Zomba n'kuilambalala. Likulu la dziko linakhala lopanda njanji mpaka linasamukira ku Lilongwe mu 1975. Ndiye mungaone kuti msewu wa Zomba ndi Kabula unali wotanganidwa bwanji magalimoto asanachuluke. Wa boma wofuna kukaonana ndi amalonda, mmishonale wa ku Domasi woitanidwa ku Blantyre Mission, dona wa pa esiteti wofuna dokotala, onsewa anali katundu wa anthu ngati bambo a agogo anu.

Tiyeni tiwerenge mtunda, poti apa ndi pamene panakukayikitsani. Kuchoka pa Zomba kukafika ku Blantyre ndi makilomita ngati 65, kapena mamailosi 40 m'chiwerengero cha nthawi imeneyo. Anthu awiri okha atanyamula munthu wa makilogalamu 80 sangafike n'komwe pa Thondwe osagwa. Chinsinsi chake n'chakuti sanali awiri. Machira amodzi ankakhala ndi gulu la amuna khumi ndi awiri, mwina mpaka khumi ndi asanu ndi mmodzi ulendo ukakhala wautali kapena bwana akakhala wa thupi. Pamtengo pankakhala awiri, wina kutsogolo wina kumbuyo, kapena anayi katundu akalemera, otsalawo n'kumathamangira m'mbali ndi m'mbuyo, kudikira nthawi yawo. Ndipo sankayenda ayi. Ankapita ndi kaliwiro kena kake, kosakhala kuyenda kosakhalanso kuthamanga, mapazi osanyamuka kwambiri pansi, mawondo opinda pang'ono kuti wogonayo asamadzudzulike. Ndi kaliwiro kotero munthu umadula makilomita asanu ndi limodzi kapena asanu ndi awiri pa ola. Gawani 65 ndi 7, mupeza maola asanu ndi anayi ndi kanthu. Onjezanipo kupuma masana cha ku Namadzi, kumene kuli ngati pakati pa ulendo. Kunyamuka tambala wachiwiri atalira, kudutsa Thondwe kusanatenthe, Njuli dzuwa litapendeka, Kabula chakumadzulo. Masamu akugwirizana ndi agogo.

Chimene chimandigometsa ine ndi kalandiranidwe kake. Machira sankaima kuti anthu asinthane. Ngati munakhalapo pamaliro kumudzi, mwaona mmene amuna amalandirirana bokosi popita kumanda: wina amangobwera chammbali, kulowetsa phewa, mnzake n'kuchokapo, bokosi osagwedera, nyimbo osadukiza. Tsono zomwezo muziganize zikuchitika anthu akuthamanga, pamsewu wamiyala kapena wamatope, kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Wolowa ayenera kulingana msinkhu ndi mnzake wa mbali inayo, apo ayi bwana atsetserekera kumutu. Wa kumbuyo saona kumene akuponda, nsalu yamutchinga, ndiye wa kutsogolo amamuchenjeza za chitsa, dzenje kapena mwala. Mtengo amausamutsa kuchoka phewa ili kupita linalo podutsitsa pamutu, liwiro lili lomwelo. Pamtsinje, tinene Likangala kapena Namadzi atadzaza, amaukweza mtengo pamutu n'kuwoloka madzi ali m'chiuno, kuti wogonayo asanyowe msana. Imeneyi sinali ntchito yoti munthu wangotoledwa pamsika lero n'kuikhoza.

Ndikulankhula ngati ndinaigwirapo, ndipo pang'ono pokha ndinailawa. Zaka zapitazo azakhali anga anadwala mwadzidzidzi usiku kumudzi wina kuseri kwa phiri, mbali ya ku Chingale, nthawi ya dzinja, galimoto yosatheka kufika. Tinadula nsungwi, kumangirira bulangete, n'kuwagoneka. Tinalipo amuna asanu ndi mmodzi, ndipo mpaka pamene panali galimoto sipankakwana makilomita asanu. Azakhaliwo anali ochepa thupi. Koma titangoyenda pang'ono phewa langa linayamba kuyaka moto, ndipo tinazindikira kuti mukamaponda mofanana, phazi lamanja onse pamodzi, katundu amayamba kudumphadumpha ndipo wodwala amabuula. Anatiwongolera ndi mkulu wina wachikulire amene ankatiunikira ndi tochi, amvekere, "Ana inu, musapondere limodzi, wa kumbuyo asemphanitse." Azakhali anachira. Ine sabata yonse malaya ndinkavala movutikira. Kuyambira tsiku limenelo ndikamva za makilomita 65 ndimangoti kakasi.

Nyimbo zinali mbali ya ntchitoyo. Wina ankatsogolera, gulu n'kumavomera, ndipo nyimboyo ndiyo inkasunga liwiro ndi mpweya. Inkagwiranso ntchito ya belu: mudzi wa kutsogolo unkamva patali kuti kukubwera machira, ana achoke panjira. Azungu ambiri analemba kuti ankasangalala ndi kuimbako, ena n'kumati ndi umboni wakuti anthu awo ndi okondwa. Amene anaphunzira Chinyanja kapena Chiyao ndiwo anatulukira kuti nthawi zina mawu a nyimbo anali onena iwo amene, kulemera kwawo, kuumira kwawo, ukali wa dona. Ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame, anatero akuluakulu. Wogona m'machira ankaona kadenga kansalu ndi mitambo, ndipo madandaulo ake m'makalata opita kwawo anali akuti kugwedezeka kumamuchititsa nseru. Mame ankawadziwa ndi amene anali pansi.

Tsono tifike pamene pali minga. Anthuwa ankaifuna ntchitoyi? Ena inde. Koma chimene chinatulutsa amuna ambiri m'midzi ndi msonkho. Boma la Johnston linayambitsa msonkho kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1890, ndipo pofika 1894 unali mashilingi atatu pa nyumba pachaka. Cha m'ma 1902 anaukweza kufika mashilingi asanu ndi limodzi, koma n'kuika lamulo lakuti amene wagwirira mzungu ntchito mwezi wathunthu alipire theka. Mukuona mmene msamphawo unatcherwera. Malipiro a mwezi anali pafupifupi mashilingi atatu omwewo, nthawi zina osapatsidwa n'komwe ndalama koma nsalu, kuwonjezapo phoso la ufa, nyemba ndi mchere. Munthu ankathamanga mwezi wonse kuti nyumba yake isatenthedwe ndi asilikali a msonkho. Angoni ankatsika kuchokera ku Ntcheu ndi ku Dedza, Atonga kuchokera kunyanja, Ayao a konkuno, kenaka Alhomwe amene ankalowa kuchokera ku Mozambique n'kukhala m'maesiteti, kumene thangata inkawadikira. Gulu lililonse linali ndi kapitawo wake, ndipo chikoti sichinali patali.

Komabe pakati pa onyamula onse, a machira ankaonedwa ngati apamwamba. Ankasankhidwa amphamvu ndi amsinkhu wolingana, ndipo azungu ena amene anali ndi gulu lawolawo ankalisokera yunifolomu n'kumanyadira liwiro lake monga mmene mwini minibasi amanyadirira injini. N'kutheka kuti n'chifukwa chake nkhaniyi inafika mpaka kwa inu. Munthu sauza mwana wake, mwanayo n'kudzauzanso mdzukulu, chinthu chimene iye mwini ankachiona chonyozeka.

Chimene chinaswa mitima ndi nkhondo ya 1914, imene makolo anaitcha ya Chiwaya. Asilikali a KAR (King's African Rifles, gulu la nkhondo la atsamunda) ankachokera pa kampu ya pa Zomba pompano kupita ku Karonga ndi kupitirira, kukalimbana ndi Majeremani otsogozedwa ndi mkulu wa nkhondo von Lettow-Vorbeck, ndipo chakudya chawo, zipolopolo zawo ndi ovulala awo zonse zinkafuna mutu ndi phewa. Amuna pafupifupi 200,000 a dziko lino anagwira ntchito ya mtengatenga pa nkhondoyo, pamene anthu onse m'dziko muno anali ongopitirira pang'ono miliyoni imodzi. Ambiri ankachita kugwidwa usiku m'midzi. Njala, kamwazi ndi chibayo zinapha ochuluka, ndipo manda awo ali m'tchire la ku Tanganyika ndi Mozambique opanda chizindikiro. John Chilembwe anali atadandaula kale m'kalata yake ya kumapeto kwa 1914 kuti amphawi a dziko lino akukafera nkhondo yosawakhudza, ndipo pa 23 January 1915 anaukira. Mukamalowa mu Zomba kuchokera ku Blantyre mumaona chipilala chachitali cha njerwa chija, chokumbukira asilikali a KAR. Ine ndikachidutsa ndimaganizanso za amene anawanyamulira katundu.

Machira sanathe tsiku limodzi. Kunabwera gareta, kampando ka gudumu limodzi kokokedwa ndi munthu kutsogolo wina akukankha kumbuyo, kamene kankafuna anthu ochepa. Kunabwera njinga zakapalasa, njinga zamoto, kenaka magalimoto, amene anachuluka nkhondo ija itatha. Pamsewu wa Zomba ndi Kabula machira anayamba kusowa msanga. Kumidzi yakutali, kumene a DC ankayendera pa "ulendo" (mawu athuwa Angelezi anangowatenga momwemo), anakhalitsako ndithu. Mapeto ake anatsalira odwala, ndipo n'chifukwa chake inu ndi ine tinakula tikudziwa a kuchipatala okha.

Ndisaiwale kunena kuti kunyamulidwa pakokha si chinthu cha azungu. Ku Zambia, kwa Mwata Kazembe ku Luapula, mpaka lero mfumu imanyamulidwa pa mwambo wa Umutomboko, ndipo oinyamulawo amauona ngati ulemu. David Livingstone, amene anafika ku nyanja ya Chilwa mu April 1859 n'kuliona phiri lathuli, masiku ake otsiriza mu 1873 anayenda atagonekedwa pa chonyamulira chosema anyamata ake, ndipo atamwalira kwa Chitambo, awiri mwa anyamatawo, Susi ndi Chuma, anatsogolera anzawo kunyamula mtembo wake miyezi yambiri mpaka ku Bagamoyo. Chuma anali Myao, womasulidwa mu ukapolo kuno ku mapiri a Shire mu 1861. Awiriwa mayina awo analembedwa chifukwa cha amene anamunyamula. A machira a pa Zomba, m'zithunzi zakale, amangooneka ataima m'mbali mwa mtengo, ndipo kunsi kwa chithunzi kumalembedwa dzina la wogonayo basi.

Ndiye za manyazi zija, Mayi. Ine ndikuti mwana akawerenge, ndipo akawerenge mokweza. Koma mumuthandize kuti asaiphike mbali imodzi. Asakailembe ngati nthano yokoma ya makedzana, ya anthu oimba mosangalala atanyamula bwana wawo, chifukwa kumbuyo kwa nyimboyo kunali msonkho ndi chikoti. Asakailembenso ngati kuti gogo wakeyo anali chinthu chomvetsa chisoni chabe, chifukwa munthu wothamanga makilomita 65 tsiku limodzi, akulandirana mtengo ndi anzake osaugwetsa, anali katswiri, ndipo masiku ano bwenzi tikumuveka mendulo. Ngati pali woyenera kuweramitsa nkhope pankhaniyi, si mdzukulu wa wonyamula. Ndipo tisafulumire kuloza chala azungu okha. Dzulo lomweli ndakwera kabaza kuchokera ku Mpondabwino, mnyamata akupalasa chokwera thukuta lili kamukamu, ine ndili phee kumbuyo ndikuwerenga mauthenga pafoni, ndipo pofika ndinayamba kunenerera mtengo.

Ngati mwanayo akufuna zoonjezera, mukadzabwera kumudzi mupite naye ku National Archives konkuno ku Zomba, kumene amasunga makalata a boma la atsamunda, ndiponso ku laibulale ya Society of Malawi m'nyumba ya Mandala ku Blantyre, imene inamangidwa mu 1882 ndipo ili ndi zithunzi zakale zambiri. Dzina la gogo wanu musayembekezere kulipeza m'menemo, koma mwanayo akaona ndi maso ake mtengo, nsalu, kadenga, ndi mapewa a anthuwo. Mukatero mukwere naye ku Ku Chawe wapansi, kudzera njira ya mbatata ija, atanyamula kachikwama ka mabuku, kuti miyendo imuuze zimene pepala silinganene.

Koma chofunika kuposa zonsezi chili ku Thondwe, ndipo sichidikira. Mwati kumudzi kwatsala mchemwali wawo wa agogo, wokalamba kwambiri koma wanzeru zake. Musamufunse zaka kapena dzina la mzunguyo, mungomutopetsa. Muimbireni foni mdzukulu amene amakhala naye, aike foniyo pafupi, ndipo mufunse kuti, "Agogo, bambo anu akamakamba za machira, ankaimba nyimbo yanji?" Nkhalamba zimaiwala chaka, koma nyimbo imene bambo awo ankaimba akusema mpini pakhonde imatuluka yokha. Ikatuluka muijambule, ndipo chonde munditumizireko.